Mkangano wa kuchotsa mimba: lamulo likuteteza yani?

Lamulo la milandu la dziko la Malawi silibisa mawu pa nkhani yochotsa mimba. Gawo 149 la Penal Code limalola khoti kutsekera m'ndende kwa zaka 14 munthu amene wachotsa mayi mimba. Gawo 150 limapereka zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha, ndipo gawo 151 limapereka zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zida zake. Mu Penal Code mpata ulipo umodzi wokha, pa gawo 243: dokotala sapalamula ngati wachita opaleshoni ndi cholinga chopulumutsa moyo wa mayi. Malamulowa analembedwa mu 1930, nthawi ya atsamunda, motengera lamulo la ku England la mu 1861. Angerezi eni ake anasintha lawo mu 1967. Ife tidakali nalo.

Ndi chilango chotere munthu angayembekezere kuti mchitidwewu ndi wosowa. Koma kafukufuku amene College of Medicine ya ku Blantyre inachita pamodzi ndi Guttmacher Institute ya ku America anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno. Ndiye kuti amayi 38 mwa 1,000 alionse a zaka 15 mpaka 49. Mwa mimba 100 zilizonse zochotsedwa, pafupifupi 60 zinasiyira mayi vuto lofunika chipatala, ndipo mmodzi mwa atatu alionse amene anavulalawo sanalandire chithandizo.

Ena amakayikira ziwerengerozi, ndipo ali ndi chifukwa. Palibe kaundula wa chinthu chimene anthu amachita mobisa. Ofufuza amawerenga amayi amene agonekedwa m'zipatala mimba itachoka, n'kupatulapo amene akuganiziridwa kuti anangopita padera, kenako n'kuchulukitsa potengera zimene anamwino, madokotala ndi ena odziwa za m'midzi akunena za kuchuluka kwa amene safika n'komwe kuchipatala. N'kuyerekeza ndithu. Koma ngakhale titadula chiwerengerocho pakati, tikutsalabe ndi mimba 70,000 pa chaka, kuposa pang'ono 67,300 zimene kafukufuku wa mu 2009 anapeza. Milandu imene imafika kukhoti ndi yowerengeka. Choncho lamuloli silikuletsa mchitidwewu ndipo silikulanga ambiri. Ntchito imene likugwira ndi ina, ndipo tifikako.

Chimene chimasokoneza mkanganowu n'chakuti muli mafunso awiri amene anthu amawaphatikiza. Loyamba ndi lakuti kodi kuchotsa mimba n'kulakwa. Lachiwiri ndi lakuti kodi ndende ndi yankho lake. Munthu akhoza kuyankha kuti inde pa loyamba koma ayi pa lachiwiri. Kunama ndi tchimo, umbombo ndi tchimo, kusasamala makolo okalamba ndi tchimo, koma boma silitsekera munthu chifukwa cha zonse zimene mpingo umadzudzula.

Funso loyambalo si lopepuka, ndipo amene amaliseka ngati nkhani ya anthu otsalira sakuthandiza. Mfundo ya otsutsa ndi yolimba. Iwo amati kuyambira pamene umuna wakumana ndi dzira pamakhala chamoyo chatsopano cha mtundu wa anthu, chosiyana ndi mayi ake ndi bambo ake. Chimakula mosadukiza, ndipo palibe tsiku limene ungaloze n'kunena kuti dzulo sanali munthu, lero wakhala munthu. Mzere uliwonse umene tingalembe, kaya pa masabata 12, kaya pa 24, kaya pa tsiku lobadwa, ndi mzere wa anthu, ndipo mbiri ya dziko yadzaza ndi anthu amphamvu amene ankadzipatsa udindo wosankha amene ali munthu ndi amene sali munthu. Papa John Paul II anatsindika chiphunzitso chimenechi m'kalata yake ya Evangelium Vitae mu 1995. Koma mfundoyi siyidalira guwa lokha. Mu 1989 katswiri wa filosofi wa ku America, Don Marquis, anayifotokoza osatchula Mulungu n'komwe. Iye anati kupha n'koipa chifukwa kumalanda munthu tsogolo lake lonse, zonse zimene akanadzaona ndi kukondwera nazo, ndipo mwana wosabadwa ali nalo tsogolo lotero monga ine ndi inu. Pa nkhani ya kugwiriridwa, otsutsa amafunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana afere mlandu wa bambo ake.

A mbali inayo ali ndi mayankho awiri. Ena amati kukhala chamoyo cha mtundu wa anthu n'kosiyana ndi kukhala munthu wokhala ndi ufulu wonse. Mluza wa masabata 6 ulibe ubongo wotha kumva kupweteka kapena kudziwa kanthu, pamene mayi woutengayo ali ndi dzina, ana, ngongole ndi mantha. Kuwaika pa sikelo imodzi n'kuchepsa mayiyo. Ena amavomera kuti mwanayo ndi munthu, koma amati funso silithera pomwepo. Judith Jarvis Thomson analemba mu 1971 za munthu amene wadzuka m'mawa n'kupeza kuti usiku amulumikiza ndi machubu kwa woimba wotchuka wodwala impso, ndipo akuuzidwa kuti agone pomwepo miyezi 9 apo ayi woimbayo afa. Kuvomera kungakhale chifundo chachikulu, koma kodi boma lingamukakamize? Lamulo lathu silikakamiza bambo kupereka magazi kwa mwana wake wobadwa kale, ngakhale mwanayo akufa. Koma kwa zaka zambiri linkakakamiza mtsikana wa zaka 13 kupereka thupi lake lonse kwa miyezi 9, ngakhale mimbayo inabwera mwa chiwawa. Otsutsa amayankha kuti woimbayo ndi mlendo pamene mwana wa m'mimba ndi wako, komanso kuti kuleka kuthandiza munthu n'kosiyana ndi kumupha. Anthu anzeru akhala akubwezerana mawu pamenepa kwa zaka zoposa 50, ndipo sindikuona kuti adzagwirizana.

Ngakhale zipembedzo sizilankhula ndi pakamwa pamodzi monga mmene zikwangwani za pa zionetsero zimaonetsera. Akatswiri ambiri a malamulo a Chisilamu amaphunzitsa kuti mzimu umalowa mwa mwana pakatha masiku 120, ndipo ena mwa iwo amalola kuchotsa mimba nthawiyo isanakwane ngati pali chifukwa chachikulu, pamene ena amakhwimitsa kwambiri. Mpingo wa Katolika umaletsa kuchotsa mimba mwadala pa chifukwa chilichonse, komabe umalola opaleshoni ya mimba yokhala kunja kwa chiberekero, chifukwa cholinga chake n'kuchiza mayi ngakhale mwanayo sapulumuka.

Nanga makolo athu? Aliyense amawakokera kwake. Zoona n'zakuti mwambo wa Achewa sunkayamikira kutaya mimba. Mwana anali chuma cha mbumba, ndipo mayi wochita zimenezi ankaonedwa ngati woika ena pangozi. Komanso mwambo womwewo sunkawerengera mimba yochoka mofanana ndi munthu wamkulu. Mtayo unkaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda mwambo wa maliro umene timachitira munthu amene wakhala pakati pathu. Khanda lenilenilo linkalandiridwa m'mudzi pang'onopang'ono, litatuluka m'chikuta. Amene akunena kuti chikhalidwe chathu chimati umunthu wonse umayamba pa tsiku lotenga mimba akuwonjezera. Amene akunena kuti makolo analibe nazo kanthu akuwonjezeranso.

Pa za thanzi zinthu n'zomveka bwino kuposa pa za chikumbumtima, chifukwa apa pali zoti n'kuyeza. Bungwe la World Health Organization limati chaka chilichonse mimba pafupifupi 73 miliyoni zimachotsedwa pa dziko lonse, ndipo 45 mwa 100 zilizonse zimachotsedwa m'njira zosatetezeka. Mu Africa ndi zitatu mwa zinayi zilizonse. Kusiyana kwa njira yotetezeka ndi yosatetezeka ndiye nkhani yonse.

Ikachotsedwa m'miyezi itatu yoyamba ndi munthu wophunzitsidwa, pogwiritsa ntchito mapiritsi a mifepristone ndi misoprostol kapena kachipangizo kopopa kotchedwa MVA, ngozi yake ndi yochepa kwambiri. Ku America, mwa amayi 100,000 ochotsa mimba movomerezeka, omwalira sakwana mmodzi, ndipo kubereka kumene n'koopsa kuposa pamenepo. Zimene zimanenedwa kuti kuchotsa mimba kumayambitsa khansa ya m'mawere zinafufuzidwa kwambiri ndipo zinapezeka kuti si zoona. Kuchotsa kotetezeka sikusiya mayi ali wosabereka. Ngozi imakwera mimba ikamakula, n'chifukwa chake kuchedwetsa mayi ndi zikalata ndi mantha kumamuika pangozi yeniyeni.

Njira za mseri ndi nkhani ina. Anamwino a m'mawodi a amayi m'zipatala za boma amazidziwa bwino: kamtengo ka chinangwa kolowetsedwa pa khomo la chiberekero, sopo wa ufa wochapira, zitsamba zowawa, mapiritsi omwedwa mulu. Kamtengo kakhoza kuboola chiberekero n'kufika m'matumbo, ndowe n'kutayikira m'mimba. Zotsalira m'chiberekero zimaola, tizilombo n'kulowa m'magazi, thupi n'kutentha, impso n'kuima. Ena amataya magazi mpaka kukomoka. Wopulumuka nthawi zina amapulumuka atachotsedwa chiberekero ali ndi zaka 17, kapena njira zake za mazira zimatsekeka ndi zipsera, n'kudzakhala wosabereka m'banja limene lidzamunyoza osadziwa chiyambi chake. Chopha ambiri ndi kuchedwa. Mtsikana amabisa masiku angapo poopa makolo, mphunzitsi, apolisi ndi pakamwa pa anamwino, ndipo pomwe akumukweza pa njinga amakhala atayamba kale kununkha. Akatswiri amati pa imfa 100 zilizonse za uchembere m'Malawi, pakati pa 6 ndi 18 zimachokera ku kuchotsa mimba kosatetezeka.

Tisaganize kuti onsewa ndi atsikana a sukulu kapena oyendayenda. Ambiri mwa ogona m'mawodi amenewa ndi amayi apabanja, akumudzi. Wina watumbiza, mwana ali kumsana sanakwane chaka. Wina ali ndi ana 6 ndipo nkhokwe inatha mu Novembala. Wina anapita kukabayitsa jakisoni wolera n'kupeza watha. Kafukufuku wa mu 2015 uja anapeza kuti 53 mwa mimba 100 zilizonse m'dziko muno zinali zosakonzekera. Pali munthu mmodzi amene satchulidwa kawirikawiri pa maulaliki kapena pa zionetsero, ndiye mwamuna amene anakana mimba, kapena amene anapereka ndalama n'kunena kuti akaone chochita, iye n'kuzimitsa foni. Mpingo umadula mtsikana, sukulu imamubweza kunyumba, mwamunayo Lamulungu ali pa benchi yakutsogolo.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ya lamulo lathu ikuonekera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mayi amene watsimikiza mtima amapeza njira. Mwana wa bwana ku Area 43 kapena ku Namiwawa amapita kuchipatala cholipira, madzulo ali kunyumba, ndipo palibe amene adzamve. Mwana wa mlimi ku Nsanje kapena ku Chitipa amapita kuseri kwa nyumba ya munthu wopanda magolovesi. Lamulo silinaletse aliyense mwa awiriwa. Langosankha woti avulale.

Pa za maganizo, otsutsa amati mayi wochotsa mimba amakhala ndi bala la mumtima moyo wake wonse. Alipo ndithu amayi amene amalira zaka zambiri, makamaka amene anakakamizidwa ndi mwamuna kapena makolo, ndi amene anachita zosemphana ndi chikhulupiriro chawo. Chisoni chawo si chopeka. Koma kafukufuku wamkulu wotchedwa Turnaway Study, amene Diana Greene Foster anatsogolera ku University of California, San Francisco, anatsatira kwa zaka 5 amayi pafupifupi 1,000, ena amene anachotsa ndi ena amene anabwezedwa chifukwa mimba inali itapitirira malire. Mwa ochotsawo, 95 pa 100 alionse ankanenabe kuti anasankha bwino, ndipo sanadwale maganizo kuposa anzawo. Obwezedwawo ndi amene anagwa kwambiri mu umphawi ndi ngongole, ndipo ndiwo amene ankakhalabe omangika kwa amuna ankhanza kuposa anzawo. Kafukufuku yemweyo anapezanso chinthu chimene olimbikitsa kusintha lamulo satchula kawirikawiri: ambiri mwa obwezedwawo, mwana atabadwa n'kukula, sankalakalakanso kuti akanachotsa. Mtima wa munthu umazolowera njira imene wadutsa. Ndipo America si kuno. Mayi wa kwathu amasenzanso manyazi a mudzi wonse, ndipo mbali ina ya bala lakelo timamupatsa ndife.

Kodi kuletsa kumachepetsa chiwerengero? Poyerekeza maiko, ofufuza amapeza kuti kuchuluka kwa mimba zochotsedwa sikusiyana kwenikweni pakati pa maiko oletsa ndi ololeza. Chimene chimatsitsa chiwerengero ndi kulera. Chitsanzo choopsa ndi Romania. Mu 1966 Nicolae Ceaușescu analetsa kuchotsa mimba pofuna kuchulukitsa anthu, ndipo njira zolera zinasowa. Chaka chotsatira ana anabadwa ambiri, kenako amayi anapeza njira za mseri. Pofika mu 1989 amayi oposa 150 mwa 100,000 alionse obereka ankamwalira, ambiri chifukwa chochotsa mimba mobisa, ndipo onse amene anafa m'zaka zimenezo akuyerekezedwa kuti ndi pafupifupi 10,000. Lamulolo litachotsedwa mu Disembala 1989, imfa zinatsika pafupifupi ndi theka m'chaka chimodzi. Ku South Africa lamulo lololeza linakhazikitsidwa mu 1996, ndipo kafukufuku wina anapeza kuti m'zaka zochepa imfa zochokera ku kuchotsa mimba zinatsika ndi 91 pa 100.

Otsutsa ali ndi zitsanzo zawo. Chile inaletseratu mu 1989 ndipo imfa za uchembere zinapitirira kutsika. Poland ndi Malta ali ndi malamulo okhwima koma amayi safa ambiri pobereka. Ngakhale kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa Demographic and Health Survey anaonetsa kuti imfa za uchembere zinachoka pa 984 mwa 100,000 mu 2004, kufika pa 675 mu 2010 ndi 439 mu 2015-16, lamulo lisanasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Iwo amati chofunika ndi azamba, magazi, ambulansi ndi maphunziro a atsikana. Pamenepa akunena zoona, ndipo amayi athu ambiri amafa ndi kutaya magazi pobereka, kuthamanga kwa magazi ndi matenda olowa atachira. Koma maiko awowo ali ndi zipatala zotha kupulumutsa wovulala, mapiritsi opezeka mwa mseri ndi ndege zopita kwina. Pamene ku Ireland kunali koletsedwa, amayi masauzande akumeneko ankawoloka nyanja chaka chilichonse kupita ku England. Mayi wa ku Makanjira awolokera kuti?

Ireland yomweyo ikutiphunzitsa kanthu za gawo 243 lathu lija. Mu Okutobala 2012, Savita Halappanavar, dokotala wa mano wochokera ku India, anagonekedwa m'chipatala ku Galway ali ndi mimba ya masabata 17 imene inali ikuchoka yokha. Mwanayo sakanapulumuka. Mayiyo anapempha kuti amuthandize kumaliza, koma madokotala anakana chifukwa mtima wa mwana unkagundabe ndipo moyo wa mayi unali usanafike pangozi imene lamulo linkafuna. Pomwe ngoziyo inkaonekera, tizilombo tinali titalowa kale m'magazi, ndipo anamwalira ali ndi zaka 31. Mu 2018 anthu a ku Ireland, dziko la Akatolika ambiri, anavota ndipo 66 mwa 100 alionse anasankha kusintha lamulo. Lamulo lonena kuti pulumutsa mayi pokhapokha moyo wake uli pangozi limasiyira dokotala funso limene sukulu ya udokotala siyiphunzitsa: ayandikire imfa motani kuti ndisamangidwe? Wa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, amene alibe loya womufunsa, amasankha kudikira kapena kutumiza wodwala kutsogolo.

Komabe kusintha lamulo pakokha si mankhwala, ndipo anansi athu ndi umboni. Zambia ili ndi lamulo lololeza pa zifukwa zambiri kuyambira mu 1972, ndipo silinachotsedwe ngakhale Frederick Chiluba atalengeza mu 1991 kuti dzikolo ndi la Chikhristu. Koma lamulolo limafuna kuti madokotala atatu asayine, m'dziko limene madera ambiri akumidzi kupeza dokotala mmodzi n'kovuta, ndipo amayi ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo. Amavulalabe. Mozambique inasintha mu 2014, kulola mpaka masabata 12 mayi akapempha. Ndipo aliyense amene anakhalapo ku Johannesburg anaona timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi totsatsa kuchotsa mimba mwachangu, pafupifupi zaka 30 chikhazikitsireni lamulo lololeza. Kumene anamwino amakana kapena kunyoza, a mseri sasowa makasitomala.

Kuno kwathu boma linakhazikitsa mu 2013 komiti yapadera ya Law Commission, yotsogozedwa ndi Justice Esme Chombo, ndipo munali madokotala, maloya, mafumu ndi oimira zipembedzo. Mu 2015 komitiyo inatulutsa bilu ya Termination of Pregnancy. Biluyo siyikulola kuchotsa mimba mwachisawawa monga ambiri anauzidwira. Ikutchula zifukwa zinayi: moyo wa mayi ukakhala pangozi, thanzi lake la thupi kapena la maganizo likakhala pangozi, mwana akapunduka moti sangakhale ndi moyo, ndiponso mimba ikabwera mwa kugwiriridwa, kugonana pachibale kapena kugona mwana wosakwana msinkhu. Zimenezi n'zofanana ndi zimene zili mu gawo 14 la Maputo Protocol ya mu 2003, pangano la African Union limene Malawi anavomereza mu 2005. Pa 6 Disembala 2016, Episcopal Conference of Malawi ndi Evangelical Association of Malawi anatsogolera zionetsero zazikulu zokana biluyo. Mu Malichi 2021 a Matthews Ngwale, amene anali wapampando wa komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, anayesa kuibweretsa ngati bilu ya phungu payekha, koma aphungu anakana ngakhale kuyamba kuikambirana. Kukana kukambirana kumeneku ndimakuona ngati mantha a mavoti, osati chikumbumtima. Phungu wokhulupirira kuti biluyo ndi yoipa akanaimirira n'kunena zifukwa zake.

A mbali yofuna kusintha, monga mgwirizano wa COPUA, nawonso ayenera kunena chilungamo chonse. Biluyo siyikuvomereza umphawi, sukulu kapena kutumbiza ngati zifukwa, chonsecho n'zimene zimatuma amayi ambiri kwa a mseri. Itadutsa lero, ipulumutsa ena koma mawodi sadzakhala opanda anthu. Ndipo otsutsa sakulakwa akamakayikira kuti mawu akuti thanzi la maganizo akhoza kutambasulidwa, chifukwa ku Britain ndi mmene zinayendera. Ngati cholinga ndi chimenecho, chinenedwe poyera, anthu akangane pa chinthu chenicheni.

Nyumba ya Malamulo itakhala chete, nkhaniyi inalowera kukhoti. Mu Okutobala 2025 Khoti Lalikulu ku Blantyre linagamula mlandu wa mtsikana wamng'ono amene anatenga mimba atagwiriridwa n'kukanizidwa chithandizo. Khotilo linati kumukaniza kunaphwanya ufulu wake wa uchembere wabwino umene uli mu Gender Equality Act ya mu 2013, ndipo linalamula unduna wa zaumoyo kuti ukonze ndondomeko zake. Ndi chinthu chachikulu kwa ana ogwiriridwa, koma si bwino kuti funso lolemera chotere lizidikira mwana wovulala kuti akasume.

Pali mawu amene amamveka nthawi zonse, akuti zonsezi n'zachizungu zobwera ndi ndalama za mabungwe. N'zoona kuti mabungwe ofuna kusintha lamulo amalandira ndalama zakunja. Otsutsa nawonso ali ndi abwenzi awo ku America ndi ku Ulaya, ndipo lamulo limene akuliteteza linabwera ndi bwanamkubwa wachingerezi. Ndale za ku Washington zimatifika m'njira inanso. Kuyambira mu 1984, mapulezidenti a chipani cha Republican akhala akuletsa thandizo kwa mabungwe akunja amene amachita kapena kulangiza za kuchotsa mimba, ndipo Donald Trump anabwezeretsa lamuloli mu 2017 ndi mu 2025. Mabungwe omwewo ndi amene amapereka njira zolera m'midzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet Global Health mu 2019 anapeza kuti pamene lamuloli linkagwira ntchito nthawi ya George W. Bush, kuchotsa mimba kunakwera ndi pafupifupi 40 pa 100 m'maiko a kum'mwera kwa Sahara amene ankadalira kwambiri thandizolo. Ofuna kupulumutsa ana osabadwa anachulukitsa chimene ankadana nacho.

Maganizo anga ndi awa. Mwana wosabadwa si kanthu wamba, ndipo dziko limene mimba zochotsedwa zikuchepa ndi labwino kuposa limene zikuchuluka. Koma zaka zoposa 90 za lamulo la ndende sizinatifikitse kumeneko. Amene amakhulupirira kuti mimba iliyonse yochotsedwa ndi moyo wotayika ndiwo ayenera kukhala patsogolo kufunsa chifukwa chake, malinga ndi kafukufuku wa 2015-16, atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndi chifukwa chake amayi apabanja 19 mwa 100 alionse ankafuna kulera koma osapeza njira. Mpingo umene umakana kuchotsa mimba, n'kukananso kulera, n'kudulanso mtsikana woyembekezera, watseka makomo onse atatu. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira mu 1993, koma imagwira ntchito pokhapo pamene pali wolera khanda ndi wolipira fizi. Zifukwa zinayi za mu bilu ija n'zoyenera kukhala lamulo, namwino amene chikumbumtima chake sichikumulola apatsidwe ufulu wokana bola atumize wodwala kwa mnzake, ndipo abusa apitirize kulalikira zimene amakhulupirira kwa amene asankha kuwamvera.

Pamene akuluakulu akukangana, pali chinthu chimodzi chimene wowerenga aliyense ayenera kudziwa. Chithandizo cha mayi amene mimba yachoka, kaya yachoka yokha kaya yachotsedwa, n'chololedwa m'Malawi ndipo m'zipatala za boma n'chaulere. Mukaona mwana wanu, mkazi wanu kapena mnansi akutaya magazi kwambiri, thupi likutentha, m'mimba mukupweteka kapena akutuluka zonunkha, musayambe ndi mafunso. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.